Asilikali Akale a Keyala M'mafakitale a ku Workington

Msilikali wa Keyala, dzina limene Amalawi anapatsa gulu lankhondo la King's African Rifles lomwe Angerezi analikhazikitsa mu 1902, ankayamba ntchito yake pabwalo la perete, kumene kwa miyezi ingapo ankaphunzitsidwa kuponda phazi nthawi imodzi ndi anzake, kutembenuka akamva liwu la sajeni, ndiponso kuima njo padzuwa osaingitsa ngakhale ntchentche. Kuwombera mfuti ndi kuyenda m'nkhalango usiku zinkabwera pambuyo, ndipo zambiri mwa izo zinatha ntchito nkhondo itatha, koma kaimidwe ka perete kanakhazikika m'thupi mpaka ukalamba. Kaimidwe kameneka n'kamene kanapezetsa ntchito ena mwa amuna a ku Nyasaland amene anapita ku Halale, ndiye kuti ku Salisbury, ndipo n'kamenenso kanawatsekera pa ntchito ya malipiro ochepa.

Malawi ndi Zimbabwe ndi maiko osafika kunyanja yamchere, komabe nkhani za sitima zapamadzi sizinkasowa pakamwa pa amuna amenewa. Nkhondo yapamadzi inafika pa Nyanja ya Malawi mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angerezi ya Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhafen, lomwe lero ndi Liuli, ndipo mpaka pano asilikali apamadzi a dziko la Malawi ali ndi likulu lawo ku Monkey Bay. Koma Amalawi ambiri amene anaidziwa nyanja yaikulu anali asilikali apamtunda amene anakwezedwa sitima kupita ku Madagascar mu 1942, kenako ku Ceylon kukachita maphunziro a nkhondo ya m'nkhalango, ku Burma mu 1944 kumene anadutsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula mpaka kumtsinje wa Chindwin, ndipo pomaliza ku Malaya kuyambira mu 1952. Pokumbukira maulendowa iwo ankatchula kuthithikana m'zipinda zapansi za sitima, kusanza kwa masiku oyamba, ndi mantha a sitima zoyenda pansi pa madzi. Manthawo anali ndi chifukwa, pakuti pa 12 Febuluwale 1944 Ajapani anamiza sitima ya Khedive Ismail imene inachoka ku Mombasa, ndipo anthu pafupifupi 1,300 anafa, ambiri mwa iwo asilikali a kum'mawa kwa Africa.

Njira yochokera ku Zomba kupita ku Salisbury inali yakale kale, moti ngakhale gulu la Rhodesia Native Regiment, lomwe linakhazikitsidwa mu 1916, linalemba amuna ambiri a ku Nyasaland amene anali kale pa ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Nkhondo yachiwiri itatha, kwawo kunalibe ntchito zokwanira anthu amene anaphunzira kuyendetsa galimoto, kutumiza mauthenga ndi kulamulira anzawo, choncho ena anakwera malole aulere a boma la Southern Rhodesia amene anthu ankawatcha Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lofuna antchito la Mthandizi, ndipo ena anangoyenda selefu, kutanthauza kudziyendera okha popanda wowalemba. Zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, zinakulitsa mafakitale a mzindawu, makamaka dera la Workington, limene lili m'mbali mwa njanji ndipo lili ndi malo opangira magetsi ndi malasha, zigayo zikuluzikulu ndi mafakitale a nyama. Anthu sagona ku Workington: amagwirako ntchito n'kubwerera ku Mbare, ku Kambuzuma kapena ku Rugare, komboni imene inamangidwira ogwira ntchito za njanji.

Amene anali ndi chiphaso cha galimoto anakhala madalaivala, ochepa anakhala akapitawo kapena amesenjala, koma ntchito imene mabwana ankaiona kuti ndi yoyenera msilikali wakale inali ulonda. Munthu ankaonetsa kabuku kotulukira usilikali, momwe munalembedwa nambala yake, zaka zimene anatumikira ndi khalidwe lake, ndipo kabukuko kankamuimira ngati mboni. Zida za ntchitoyo zinali chibonga, tochi, wezulo, jasi lalitali ndi mbaula ya m'nyengo yozizira, ndipo m'mafakitale ena munali wotchi imene mlonda ankaikhoma pa ngodya iliyonse ya mpanda kuti m'mawa bwana aone ngati sanagone. Chovuta kwambiri chinali pachipata, nthawi yoweruka, pamene mlonda ankayenera kufufuza m'matumba mwa anzake omwe ankakhala nawo mzere umodzi wa nyumba ndiponso kupemphera nawo tchalitchi chimodzi. Alonda akale ankanena kuti ukamugwira munthu ndi kathumba ka ufa wadana ndi komboni yonse, ukamusiya wataya ntchito pamodzi ndi nyumba, ndipo mlendo analibe mudzi wapafupi wothawirako. N'zomvetsa chisoni kuti mwambo womvera lamulo umene anaphunzira pa perete, umene nthawi zina unkakhomerezedwa ndi chikoti popeza kukwapula asilikali achikuda kunaloledwa mpaka mu 1946, unagwiritsidwa ntchito kuwaika pakati pa bwana ndi abale awo.

Komabe nkhani imene inkatenga nthawi yaitali amunawa akakumana inali ya ndalama. Zikalata za boma la Britain zimene atolankhani anaziulula mu 2019 zinasonyeza kuti pa ndalama yothokozera asilikali nkhondo itatha, mzungu wa udindo wotsikitsitsa ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wachikuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i 3 ndi theka. Asilikaliwo sanafunikire zikalata kuti adziwe zimenezi. Ambiri ankaumirira kuti akuluakulu awo anawalonjeza penshoni kapena malo, ndipo ena ankakhulupirira mpaka imfa kuti ndalama zawo zinatumizidwa koma zinadyedwa panjira. Amene analowa usilikali chifukwa cha nkhondo yokha sanakwanitse zaka zoyenerera penshoni, kotero zimene anatuluka nazo zinathera pa njinga, suti, makina osokera kapena chiwongo, ndipo patapita miyezi yochepa munthu anali pa ulendo wa ku Halale.

Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, mbiri yawo inakhala yovuta kuitchula pagulu, chifukwa iwo anamenyera mfumu ya Angerezi, pomwe ulemu wa dziko latsopano unapita kwa omenyera ufulu, amene mu 1997 analandira madola a Zimbabwe 50,000 aliyense. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a machona, ndiye kuti anthu amene anapita kunja osabwereranso kwawo, ali ndi zitupa zowatchula kuti ndi alendo, ndipo zinthu zinayamba kusintha ndi malamulo oyendetsera dziko a 2013. Kugwa kwa ndalama kwa 2008 kunafafaniza kapenshoni kamene mlonda kapena dalaivala anasonkhera kwa zaka makumi atatu. Munthu mmodzi anataya malipiro kawiri, poyamba ngati msilikali, kenako ngati wantchito wa m'fakitale, ndipo thandizo limene linafika pamapeto, kudzera ku Royal Commonwealth Ex-Services League ndi bungwe la ZANE, linali longoti nkhalambayo ipeze chakudya, zomwe n'zosiyana kwambiri ndi kubweza ngongole.

Kukumana kwa asilikali akalewa kunkadalira mabungwe amene Amalawi anali nawo kale. Oyamba anali mabungwe a maliro, momwe aliyense amasonkha mwezi ndi mwezi kuti akamwalira aikidwe mwaulemu, kenako mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Harare imene imapemphera m'Chichewa, komanso mizikiti ya Ayao. Tsiku lawo linali 11 Novembala, pamene ovala mamendulo ankawapukuta n'kuwapachika pajekete. Chikhumbo cha ambiri chinali kukaima pa chipilala cha Keyala ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks kumene kulinso nyumba zosungirako asilikali okalamba, koma ulendo wa makilomita opitirira 600 wodzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza umafuna pasipoti ndi ndalama ya basi, ndipo misonkhano yambiri yokonzekera ulendowu inkathera pa kuwerengera zimene zikusowa.

Perete yeniyeniyo inapulumukira m'gule. Gule wa Beni, amene katswiri wa mbiri Terence Ranger anafotokoza mbiri yake m'buku la 1975, anayambira kugombe la Aswahili cha m'ma 1890 motsanzira magulu a nyimbo a asilikali, anagawika m'nthambi ziwiri zopikisana za Marini, yotsanzira asilikali apamadzi, ndi Arinoti, ndipo anafalitsidwa ndi asilikali obwerera ku nkhondo yoyamba. Ku Malawi m'banja lomweli muli malipenga a ku Nkhata Bay ndi mganda wa m'chigawo chapakati, pamene ku Zimbabwe zidzukulu za Amalawi zimavinabe Beni Arinoti m'makomboni ndi m'migodi, zitavala yunifolomu ndi kugawana maudindo ausilikali.

Amene analowa Keyala mu 1944 ali ndi zaka 18 tsopano akufika zaka 100, ndipo otsala ndi owerengeka, makamaka a m'nyengo ya Malaya ndi chitaganya. Ntchito yolondola thandizo yagwera akazi amasiye ndi ana, ndipo ofesi iliyonse imayamba yafunsa nambala ya usilikali. Mabanja amene katundu wawo anamwazika mu 2005, pamene boma linagwetsa nyumba za kuseri m'makomboni pa ntchito ya Murambatsvina imene bungwe la United Nations linati inasowetsa anthu pafupifupi 700,000 pokhala kapena popezera ndalama, ndiwo amavutika kwambiri kupereka umboni woti bambo awo anakhalapo msilikali.