Keke ya Mandimu Yotsanzikirana

Mnzawo akamasamuka, amayi ena amamuphikira keke ya mandimu. Fungo lake lokoma lija limachokera ku mafuta a m'khungu la ndimu, osati m'madzi ake. Wophika amapala khungulo mopepuka, chifukwa akafika pa choyera cham'kati keke imawawa.

Muyeso ndi wosavuta: mazira 4, baking powder pang'ono, ndipo ufa wa tirigu, shuga ndi majalini magalamu 225 chilichonse. Mu uvuni imapsa pa madigiri 180 kwa mphindi pafupifupi 45. Opanda uvuni amathira mchenga mumphika waukulu pambaula, n'kukhazikamo chitini cha keke, makala ena pachivundikiro.

Ikadali yotentha, amaibowolabowola ndi foloko n'kuthirapo madzi a mandimu osakaniza ndi shuga. Ikatero siuma msanga, ndiye yotsala wapaulendo amaikulunga n'kukadyera m'basi.