Mtedza wa ku Mchinji usathere kwa mavenda

Mchinji ndi boma la mtedza ndi soya, komabe mayi woyamwitsa wa ku Mkanda kapena ku Kapiri nthawi zambiri amagonera nsima ya masamba owiritsa, matumba atapita kale ndi mavenda pamsika wa Kamwendo. Chakudya chomwe thupi lake likufuna chimachoka pakhomo pomwepo. Azaumoyo amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, ndipo nthawi yonseyi mayi amafunika chakudya choonjezera tsiku lililonse kuchokera m'magulu 6 a zakudya. Izi sizilira golosale: nsinjiro mu nkhwani, phala la mgaiwa losakaniza ndi soya, usipa, dzira, papaya.

Ena adzati mtedza ndiwo umagula feteleza ndi kulipira fizi. N'zoona, koma thumba limodzi losungidwa siligwetsa banja, pamene kuugulanso mu Januwale mtengo utakwera kumapweteka kwambiri. Enanso amati mayi akamadya mosakwanira mkaka umauma, choncho khanda lipatsidwe phala msanga. Ayi. Mkaka umatulukabe malinga mwana akuyamwa pafupipafupi. Amene amafooka ndi mayiyo. Koma mtedza wosungidwawo usakhale wotsala posankha, chifukwa mtedza wachuku uli ndi poizoni wofika mpaka mu mkaka.