Timapaipi topanda kanthu tomwe timathandiza kuimitsa galimoto

Tengani sirinji ya jakisoni yopanda singano, mutseke kukamwa kwake ndi chala, kenako mukoke chogwirira chija. Chikulimba, eti? Mukachisiya chimabwerera chokha. Ndikafunsa ophunzira kuti chachibweza n'chiyani, ambiri amati "vakyumu yachikoka". Yankho limeneli ine silindifika pamtima. M'katimo mulibe kanthu, ndiye chopanda kanthu chingakoke bwanji? Zoona zake n'zoti mpweya wa kunja kuno ndi umene wachikankha.

Mpweya umene tikupumawu ndi wolemera. M'mbali mwa nyanja yamchere umakankha ndi puresha ya 101 kPa, zomwe zili ngati kusenzetsa kilogalamu imodzi pa kamalo kofanana ndi chikhadabo chanu. Sitimva kanthu chifukwa m'thupi mwathu namonso muli puresha yofanana nayo. M'zaka za m'ma 1650, Otto von Guericke wa ku Magdeburg, m'dziko la Germany, anaphatikiza mbale ziwiri zamkuwa n'kupopamo mpweya. Mahatchi 8 uku, 8 uko, anakoka koma mbale zija sizinalekane. Panalibe guluu. Mpweya basi.

Tsopano tiyeni titsegule boneti. Injini ya petulo ndi sirinji yomwe ija, kungoti imakoka kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pisitoni ikamatsika imasiya malo m'silinda, ndipo mpweya umathamangira kudzadza malowo. Koma panjira pake pali kachitseko kotchedwa throttle, komwe dalaivala amakatsegula akaponda moto. Galimoto ikaima injini n'kumangolira, kachitsekoka kamakhala pafupifupi kotseka. Ndi chala chanu chija chimenecho. Mapisitoni akufuna mpweya, mpweya ukulowa wochepa, ndiye m'chipinda chogawira mpweya ku masilinda, chomwe amakaniko amati manifold, puresha imatsika kufika cha m'ma 30 kPa. Imeneyo ndiye vakyumu ya injini. Si kuti mulibiretu mpweya ayi, koma ndi wochepa kuyerekeza ndi wa kunja.

Akatswiri opanga galimoto anaona kuti mphamvu yaulere ngati imeneyi siyofunika kuitaya. Anaboola manifold n'kulumikizapo timapaipi ta labala, tina tonenepa ngati pensulo, tina ngati chala. Ena amaganiza kuti mumadutsa petulo kapena madzi. Ayi ndithu, ntchito yake ndi kufikitsa puresha yotsika ija kumene ikufunika. Kena kamayamwa nthunzi ya oyilo kuchokera m'mimba mwa injini kuti ikapse m'masilinda, kena kamatenga nthunzi ya petulo wa m'thanki, ndipo m'galimoto zakale kena kankasintha nthawi yomwe mapulagi athethetsere moto. Koma paipi imene ndikufuna muidziwe bwino ndi yaikulu ija yopita ku chinthu chakuda chozungulira ngati poto, kuseri kwa injini, moyang'anizana ndi mapazi a dalaivala. Dzina lake ndi brake booster.

M'potomo muli chikopa cha labala chomwe chagawa chipinda pawiri. Dalaivala asanaponde buleki, mbali zonse ziwiri zimakhala ndi vakyumu, ndiye palibe chimene chikusuntha. Akangoponda, kavalavu kamalowetsa mpweya wa kunja mbali imodzi yokha. Apa tulutsani kope la Physics. Tinene kuti chikopacho ndi cha 20 cm kuchoka uku kufika uko. Malo ake onse ndi 314 cm². Ngati puresha ya mbali ziwirizi yasiyana ndi 60 kPa, ndiye kuti sikweya sentimita iliyonse ikukankhidwa ndi 6 N. Chulukitsani: 314 × 6 ikutipatsa 1,884 N. Kumeneko ndi kulemera kwa matumba a chimanga a 50 kg pafupifupi anayi! N'chifukwa chake agogo anu, ndi kaphazi kawo kaja, akhoza kuimitsa galimoto yolemera kuposa tani imodzi. Mpweya ndi umene wawapondera.

Labala akamakalamba pa kutentha amauma n'kung'aluka. Kapaipi kakang'aluka, mpweya wosawerengedwa umalowa m'injini mozemba. Injini ya petulo imafuna magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, choncho mpweya ukachuluka imayamba kunjenjemera, kulira mokwera ndi motsika, nthawi zina kuzima pa maloboti. Mukatchera khutu mumamva kakuti "tsiii". Kapaipi kotchipa kakhoza kuzunguza mutu mwini galimoto mpaka kugula mapulagi atsopano pachabe.

Nanga turbo? Apa nkhani imatembenuka. Maganizo ake analembetsa ndi Alfred Büchi wa ku Switzerland mu 1905. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kagudumu ka zipsepse, komwe kamazunguza kanzake kokankhira mpweya m'masilinda mokakamiza. Mpweya wambiri, mafuta ambiri, mphamvu zambiri. Koma taganizani: dalaivala akaponda moto kwambiri, puresha ya mu manifold imakwera kuposa ya kunja, mwina 150 kPa mwinanso 200. Paipi yomwe ija inkayamwa tsopano ikufuna kupemerera. Mpweya umenewo utati ulowe mu booster, vakyumu yonse itha.

Chimene chimapulumutsa zinthu ndi kavalavu kapulasitiki kosaposa chala chachikulu, kolola mpweya kutuluka mu booster koma osabwereramo, monga mmene valavu ya chubu cha njinga imalolera mpweya kuyenda njira imodzi. Galimoto zopanda turbo nazonso zili nako, koma pa turbo kamagwira ntchito yaikulu. Injini zambiri za turbo amaziikiranso pampu yakeyake yopangira vakyumu. Timapaipi tina timayendetsa wastegate, kachitseko kolambalalitsa utsi kuti turbo isapitirire muyezo. Ndipo phokoso lija loti "pshhh" pa galimoto za anyamata okonda liwiro akamasintha giya? Throttle yatseka mwadzidzidzi, vakyumu yabwerera mu manifold, kapaipi kaifikitsa ku valavu yomwe yatsegula n'kutaya mpweya wopanikizika uja. Galimoto zambiri zimaubweza mwakachetechete kumbuyo kwa turbo, koma anyamata amafuna anthu amve.

Injini za dizilo zili ndi vuto lina. Mphamvu zake amazisintha ndi kuchuluka kwa mafuta, osati potsekereza mpweya, ndiye vakyumu ya mu manifold imakhala yosakwanira. Zimadalira pampu. Pa minibasi zakale za Toyota Hiace za dizilo, pampuyo mudzaipeza yolumikizidwa ku alternator, ikuzungulira ndi lamba mmodzi yemweyo. Lambayo akaduka, si batire yokha imene yavutika.

Ndiye mwina mwaona kale chifukwa chake mtima wanga umakhala m'mwamba ndikamva dalaivala akuzimitsa injini pamtsetse kuti apulumutse mafuta, kaya ndi potsika ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, kaya ndi pa Chiweta. Injini ikazima, pisitoni sikuyamwa, pampu sikuzungulira. Kavalavu kaja kamasunga vakyumu yokwana kuponda kawiri kapena katatu basi. Kenako pedulo imauma ngati mwala. Mabuleki alipo, koma matumba anayi aja tsopano awasenze yekha ndi mwendo umodzi, pakona, minibasi itadzaza. Chikhalirecho galimoto ya petulo yamakono ikamatsika ili m'giya, phazi litachoka pa moto, kompyuta yake imadula yokha mafuta, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene vakyumu imakhala yamphamvu kwambiri.

Mukhoza kuiyesa nokha booster ngati kwanu kuli galimoto. Pemphani mwini wake akhale pambali panu, galimoto ili pamalo osatsetsereka, handibuleki itakokedwa, giya ili pa nyutulo. Injini ili chizimire, pondani buleki kasanu. Mumva ikunka niuma. Gwirani phazi pomwepo osachotsa, iwo alize injini. Booster ikakhala yabwino, pedulo imatsika pang'ono yokha pansi pa phazi lanu. Ikapanda kutsika, auzeni akaonetse paipi yaikulu ija ndi kavalavu kake kwa makaniko asanapite ulendo wina.