Mapaundi awiri a thandizo apita ku mfuti

Anzanga, imani kaye pang'ono musanathamangire kukagula zitumbuwa. Ndikufuna ndikuuzeni za ndalama zimene mayiko akuthira ku nkhondo, ndi mmene nkhaniyi ikufikira kwa ife.

Ku Stockholm, m'dziko la Sweden, kuli bungwe lotchedwa SIPRI limene chaka ndi chaka limawerengera ndalama zimene maboma agwiritsa ntchito pa asilikali ndi zida. Bungweli linapeza kuti mu 2024 dziko lonse linawononga madola 2,718 biliyoni, ndipo chinali chaka chakhumi chotsatizana ndalamazi zikungokwera. America yokha inathira madola 997 biliyoni. Ukraine, imene yakhala pa nkhondo yaikulu ndi Russia kuyambira 2022, inapereka ku nkhondo madola 34 pa 100 aliwonse a chuma chake. Enawo ndi mantha: mnzako akagula mfuti, nawenso tulo sutipeza mpaka utagula yako. Mu Juni 2025 mayiko a NATO anagwirizana zoti pofika 2035 azipatulira chitetezo 5 peresenti ya chuma chawo.

Mwina mukuti, nanga zikutikhudza chiyani ife? Taonani masamu awa, ndi a Fomu 1 enieni. Mu Febuluwale 2025 nduna yaikulu ya Britain, Keir Starmer, inalengeza kuti pofika 2027 ndalama za chitetezo zikwera kuchoka pa mapaundi 23 kufika pa 25 pa mapaundi 1,000 aliwonse a chuma cha dzikolo. Tsiku lomwelo ananenanso kuti thandizo lopita ku mayiko osauka litsika kuchoka pa mapaundi 5 kufika pa 3. Mwaona kumene awiriwo achokera, eti? Sanabise n'komwe. Ndipo Britain ndi limodzi mwa mayiko amene kwa zaka zambiri akhala akuthandiza Malawi pa zaumoyo ndi maphunziro. Nduna yoona za thandizolo, Anneliese Dodds, inatula pansi udindo sabata yomweyo posagwirizana nazo.

Ine sindikunena kuti asilikali ndi opanda ntchito, ayi ndithu. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ku Blantyre mu Malichi 2023, asilikali athu anali m'matope kufukula anthu. Ena anakafera ku Congo mu Januwale 2025 pa ntchito yosungitsa mtendere. Amafunika malipiro, chakudya ndi zida zabwino. Chimene chimandivuta ndi chakuti mawu oti "chitetezo cha dziko" akangotchulidwa, anthu amatseka pakamwa, ngati kuti kufunsa mtengo wa chinthu ndi kuukira boma. Pamene pali mdima woterowo mpamene akuba amakondapo.

Ku South Africa zinachitika. Mu 1999 boma linagula ndege, sitima zapamadzi ndi zida zina za ndalama pafupifupi marandi 30 biliyoni. Phungu mmodzi, mayi Patricia de Lille, anaimirira m'Nyumba ya Malamulo n'kunena kuti pali ziphuphu. Atolankhani ndi nzika wamba sanaisiye nkhaniyo, ndipo mu 2005 khoti linagamula Schabir Shaik, mlangizi wa zachuma wa Jacob Zuma, kuti akakhale kundende zaka 15.

Kuno kwathu, boma silingagwiritse ntchito ndalama za msonkho popanda aphungu kuvomereza bajeti. Ndipo msonkhowo si wa mabwana okha. Tikagula mayunitsi a foni, timalipira nawo. Chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho bajeti imakambidwa chakumayambiriro kwa chaka, ndipo mawailesi amaulutsa. Palinso lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. N'zoona kuti lamuloli limalola kubisa zinsinsi za chitetezo, koma chiwerengero cha ndalama zimene aphungu avomerezera asilikali chimalembedwa m'mabuku a bajeti, aliyense akhoza kuwerenga.

Ambiri a Fomu 4 akwanitsa kale zaka 18, ndi ovota amenewo. Ndiye phungu wa dera lathu akadzabwera kudzapereka mipira, tisadzangoomba m'manja basi. Mmodzi adzaimike dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti, "Olemekezeka, mu bajeti ya chaka chino asilikali mwawapatsa zingati, sekondale mwazipatsa zingati, nanga inuyo munanenapo chiyani?" Manambala a chaka chino ndawapempha aphunzitsi a Social Studies kuti atithandize kupeza. Akapezeka ndidzawamata pansi pa nkhani ino.