Wosewera Mpira Afunika Kupuma

Anyamata osewera mpira ku Ndunde, dziwani kuti minofu siikhwima pa nthawi yothamanga ayi. Imakhwima pamene munthu akupuma ndi kugona. Chifukwa chake, tsiku lokonzekera molimba lizitsatana ndi tsiku lopepuka. Kukatsala masiku 2 kuti mpikisano uchitike, chepetsani kuthamanga kuti mukalowe m'bwalo muli ndi mphamvu.

Mukatha kusewera, pumulani tsiku lathunthu. Imwani madzi aukhondo, idyani nsima ya nyemba, nandolo kapena usipa, ndipo gonani maola 8. M'miyezi yotentha ya October ndi November, konzekerani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Wodwala malungo asasewere, pakuti mtima umalemedwa ndipo angathe kukomoka. Bondo likatupa, musalimbikire kusewera. Bwerani ku chipatala msanga.