Zoyenera kuyang'ana pogula kompyuta yoti iyende ndi Linux

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 monga inali kucitira nthawi zonse. Windows 11, yomwe inalowa m'malo, imafuna kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndipo pa makina a Intel imafuna purosesa ya m'badwo wa nambala 8 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Makompyuta ambiri a salaula amene ali m'masukulu, m'maofesi ang'onoang'ono ndi m'masitolo muno m'Zambia sakwanitsa zimenezi, ngakhale kuti akali ndi mphamvu.

Njira ina yopulumutsira makina otere ndi Linux. Iyi ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta imene Linus Torvalds wa ku Finland anaiyamba mu 1991 akali wophunzira. Munthu aliyense ali ndi ufulu woitenga kwaulere, kuikopera anzake ndiponso kuisintha. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unatuluka mu 2004 kucokera ku kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali tanthauzo lake ndi umunthu.

Komabe, si cipangizo ciriconse cimene cimamvana ndi Linux. Ciwalo ciriconse ca kompyuta cimafuna kapulogalamu kake kochedwa driver, kamene kali ngati womasulira pakati pa ciwaloco ndi pulogalamu yaikulu. Makampani ena amaulula mmene ziwalo zao zimagwirira nchito, ndipo driver imabwera ili kale mkati mwa Linux. Ena amabisa, ndipo wogula amatsala ndi makina amene ayaka bwinobwino koma osalankhula, osasindikiza kapena osalowa pa intaneti.

Coyamba kufunsa ndi purosesa. Iyenera kukhala ya 64-bit, cifukwa Ubuntu inaleka kutulutsa mtundu wa 32-bit wa makompyuta a patebulo mu 2017. Mapurosesa ambiri a Intel Core ndi AMD Ryzen amayenda popanda vuto. Ubuntu 24.04, yomwe inatuluka mu 2024, inapempha RAM ya 4 GB ndi malo a 25 GB pa hard disk, koma wofuna kutsegula masamba ambiri a intaneti nthawi imodzi angacite bwino kupeza 8 GB. Makina ofookerapo amapepukidwa ndi Lubuntu, Xubuntu kapena Linux Mint ya Xfce. Kucotsa hard disk yakale ndi kuikamo SSD ndiko kumafulumizitsa kwambiri kompyuta yokalamba.

Caciwiri ndi ciwalo cotulutsa zithunzi pa sikirini. Za Intel ndi AMD zimagwira nchito nthawi yomweyo, pakuti ma driver ake ndi otseguka ndipo ali mkati mwa Linux. Makhadi a Nvidia nawo amayenda, koma kuti atulutse mphamvu zao zonse pamafunika kuika driver ya kampaniyo, ndipo makhadi akale kwambiri kampani inaleka kuwasamalira. Sukulu kapena ofesi yolemba makalata ndi kuwerengera ndalama ilibe cifukwa coonongera ndalama pa khadi yapadera, cifukwa ciwalo cimene cimabwera ndi purosesa cimakwana.

Cacitatu, comwe cimakhumudwitsa anthu ambiri, ndi Wi-Fi. Makompyuta ambiri a patebulo alibe Wi-Fi mkati, conco anthu amagula kacipangizo kolowetsa pa USB. Dzina lolembedwa pa bokosi silithandiza kwenikweni, cifukwa kampani ingasinthe kachipu ka mkati dzina n'kukhala lomwelo. Tumachipu twa Intel ndi Atheros timadziwika kuti timamvana ndi Linux, pamene twa Broadcom ndi twina twa Realtek timafuna driver yocita kutenga pa intaneti. Apa ndiye pali msampha: munthu afuna intaneti kuti atenge driver, koma driver yomweyo ndiyo ingamulowetse pa intaneti. Nthambo ya netiweki, kapena foni yolumikizidwa pa USB kuti igawe intaneti yake, imamucotsa munthu m'vuto limeneli.

Pulinta nayo iyenera kufufuzidwa ndalama zisanatuluke m'thumba. Mapulinta a pa netiweki amene ali ndi IPP Everywhere kapena AirPrint amasindikiza popanda driver yapadera, ndipo ambiri a HP amayenda ndi pulogalamu ya HPLIP. Ovuta ndi mapulinta ena ochipa amene anapangidwira Windows yokha.

Njira yodalirika yodziwira zonsezi ndiyo kuyesa makinawo m'sitolo momwemo. Wogula amaika Ubuntu kapena Linux Mint pa flash disk, n'kupempha wogulitsa kuti ayatse kompyuta kucokera pa flashiyo. Linux imayenda popanda kufufuta kanthu pa hard disk. M'mphindi zocepa munthu angaone ngati mau akumveka, sikirini ikuonetsa bwino, mabowo onse a USB ali moyo ndiponso intaneti ikulowa. Malamulo awiri, lspci ndi lsusb, amaonetsa maina enieni a ziwalo za mkati. Hard disk ikapanda kuoneka, kawirikawiri cimakhala cifukwa cakuti BIOS ili pa RAID kapena Intel RST, ndipo kuisinthira pa AHCI kumathetsa vutolo. Canonical ilinso ndi mndandanda wa makina a Dell, HP ndi Lenovo amene inawayesa n'kuwavomereza. Wogulitsa akakana kuti katundu wake ayesedwe, ndi bwino kupita sitolo ina.

Nkhani ya magetsi siingasiyidwe. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo mabanja ndi mabizinesi anali kukhala maola ambiri tsiku lililonse opanda magetsi. Kompyuta ya patebulo ilibe batire. Magetsi akazima mwadzidzidzi, nchito yosasungidwa imatayika ndipo disk ingaonongeke. Motero mtengo wa UPS uyenera kuwerengeredwa pamodzi ndi wa kompyuta. Tumakompyuta tating'ono monga Lenovo ThinkCentre Tiny ndi Dell OptiPlex Micro timadya magetsi ocepa, ndipo timayenerera malo odalira mphamvu ya dzuwa.

Pomaliza, wogula adziwe nchito imene makinawo adzagwira. LibreOffice imatsegula mafailo a Word ndi Excel, ndipo Firefox ndi Chrome zimayenda pa Linux, koma mapulogalamu ena owerengera ndalama anapangidwira Windows yokha. Mphunzitsi wamkulu kapena mwini bizinesi amene afuna makina makumi awiri ayambe wagula amodzi, awayese kwa sabata, ndipo akakhutira agule otsalawo a mtundu womwewo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.