Oseluka pa Burma, kodi muwadziwa amene anatsala m'madzi?

M'mawa ulionse ndimakwera minibasi kuchokera ku Chilenje kupita mu tauni. Tikalowa mu Burma Road, kondakitala amamenya chitseko n'kufuula kuti, "Pa Arakan! Alipo oseluka?" Wina amaseluka, wina ali pa foni, amai ena kumbuyo akulimbana naye za chenji. Kwa zaka zinai ndakhala ndikumva mau amenewa osaganizapo kanthu. Burma kwa ine unali msewu wa jamu chabe, Arakan inali kampu ya asilikali, basi.

Mwezi watha ndinapita kumudzi ku Vubwi, m'dziko la Mfumu Pembamoyo, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique. Banja lathu linali kuika chiliza pamanda a atate awo a ambuya anga, amene anamwalira ine ndisanabadwe. Tinasonkherana ndalama chaka chathunthu pa gulu la WhatsApp kuti tigule simenti ndi mwala. Ndinanyamuka pa Intercity kukali mdima, kudutsa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete mpaka Chipata, kenaka galimoto yaing'ono yodzaza matumba ndi anthu. Ndinafika dzuwa litalowa, fumbi mpaka m'makutu.

Usiku umenewo azimai anali pamoto kuphika thobwa. Ambuya anandiitanira m'nyumba, n'kutulutsa kachitini kansi kwa bedi. Munali mendulo imodzi yodetsedwa, kansalu kake katadyedwa ndi njenjete.

"Ichi ndicho anabwera nacho atate ku nkhondo ya Hitler," anatero. "Ichi, chijasi, ndi chifuwa chosatha. Iwe ndiwe wolembalemba. Khala pansi, umve."

Atate awo analembedwa usilikali ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, n'kulowa mu Northern Rhodesia Regiment. Gululi linakhazikitsidwa mu 1933, ndipo pankhondo yachiwiri ya dziko lonse linakula mpaka kufika mabataliyoni 8. Chinyanja ndicho chinali chilankhulo cha m'kampu, motero anyamata a kum'mawa analimo ambiri. Anawatenga pa malole kupita nawo kumpoto mpaka ku Kenya, ndipo pa doko la Mombasa anawakweza sitima yowoloka nyanja ya India kupita ku Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka.

Taganizani. Mnyamata amene madzi aakulu anawaonapo ndi mtsinje wa kumudzi ukasefukira m'dzinja, lero ali pakati pa madzi opanda tsidya. Ambuya ati atate awo sanali kukamba kwambiri za mfuti kapena za nkhalango. Nkhani imene inali kubwererabwerera pakamwa pawo inali ya "chinsomba cha chitsulo". Usiku pa sitima sanali kuloledwa kuyatsa fodya panja kapena kuonetsa nyali. Anali kugona atavala chovala choyandamitsa munthu pamadzi. Akulu awo anawauza kuti mdani ali pansi pawo, akuwaona, koma iwo sangamuone.

"Ankati mkango umabangula, njoka umaiona udzu ukagwedezeka," anatero ambuya. "Koma chinsombacho chimangokudzidzimutsa uli kudya."

Chinsombacho ndi sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, ndipo mantha awo sanali a chabe. Iwo anawoloka bwino, koma ali ku Ceylon kunamveka mbiri yakuti sitima ina yodzaza asilikali a ku Africa yamizidwa panjira yomweyo. Nditabwerera ku Lusaka ndinafufuza, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Kumayambiriro kwa February 1944, sitima yotchedwa Khedive Ismail inanyamuka ku Mombasa kupita ku Colombo pamodzi ndi sitima zina. Munali anthu 1,511. Mwa iwo, 996 anali a gulu la mizinga la East African Artillery, ambiri a iwo anthu akuda ngati ife. Munalinso amalinyero, manesi ndi akazi ena ogwira nchito za usilikali. Pa 12 February masana, pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima yapansi pa madzi ya Japan yotchedwa I-27 inaponya mabomba ake a torpedo. Awiri anaimenya. Khedive Ismail inamira m'mphindi zosapitirira zitatu, nthawi yochepa kuposa imene minibasi imaima pa maloboti a pa Kafue Roundabout jamu ikagwira.

Choŵaŵa kwambiri chinachitika pambuyo pake. Sitima ziwiri za Britain zimene zinali kuperekeza, HMS Petard ndi HMS Paladin, zinayamba kusaka mdaniyo. Iye anabisala pansi pa malo amene opulumuka anali kuyandama. Lamulo linali lakuti mdani aphedwe choyamba, kuti asamizenso sitima zina. Mabomba ophulikira pansi pa madzi anaponyedwa anthu ali m'madzimo. Tsiku limenelo anafa anthu 1,297, mwa iwo akazi 77. Opulumuka anali 214 okha. I-27 nayo inamizidwa, ndipo mwa onse amene anali m'kati mwake anatsala ndi moyo mmodzi yekha.

Palibe mtembo umene unabwerera kwawo. Maina a asilikali a mizingawo analembedwa pa chipilala cha East Africa Memorial ku Nairobi, kutali ndi midzi imene anachokera.

Apa m'pamene pali nkhani ya ambuya. Kwathu ku Uchewa maliro sathera pa tsiku loika. Pali kumeta, pali bona, pali kulambula kumanda, masiku ano pali chiliza. Zonsezi zimafuna malo amene munthu angaloze n'kunena kuti, "Ali apa." Nanga amene manda ake ndi madzi, mumulira kuti? Mulambula pati?

Atate awo a ambuya anapeza njira yawo. Chaka chilichonse atakolola, moŵa ukapsa, anali kupita okha patsinde pa mtengo wa msolo kuseri kwa mudzi. Anali kuthira ufa ndi moŵa pang'ono, kenaka kuima njo ngati ali pa perete n'kutchula maina 11, limodzi limodzi, mokweza. Anali anzawo amene sanabwerere: ena anatsala m'matope a ku Burma mu 1944, ena anawadziwira m'makampu a ku Kenya ndipo anathera m'nyanja. Ana a m'mudzi anali kuwaseka, ati nkhondo inawazunguza mutu.

"Ine ndinali kubisala kuseri kwa nkhokwe kumvetsera," anatero ambuya. "Ankati munthu wopanda manda, manda ake ndi pakamwa pa anzake. Ukaleka kumutchula, wamumizanso kachiwiri."

Ndinafunsa kuti anditchulire maina onsewo ndilembe. Anakhala chete nthawi yaitali, akuwerenga ndi zala. Anatchula atatu. Lachinai linafika pamlomo n'kubwerera. Anayesanso, osatheka. Anapukuta maso ndi chitenje.

"Aphwanga amene anali kuwadziwa onse tinaika chaka chatha," anatero. "Unachedwa kubwera, mdzukulu wanga."

Mau amenewo akundilasabe. Ndaphunzira utolankhani, ndafunsa mafunso makhansala ndi amalonda a pa Soweto Market, koma ambuya anga sindinawafunsepo kanthu kupatula za nsinjiro ndi nkhuku yoti ndinyamule pobwerera. Maina 8 apita chifukwa cha ine ndi anzanga onse amene timafika kumudzi Lachisanu n'kuthawa Lamlungu.

Chimene chinandidabwitsa pofufuza n'chakuti zimene anali kuchita mkuluyu pansi pa msolo ndi zomwenso amachita anthu a sitima zapansi pa madzi m'maiko amene ali nazo. Iwonso akufa awo ambiri alibe manda, pakuti sitima yotere ikawonongeka nthawi zambiri imapita ndi onse. Dziko la America linataya sitima zotere 52 pankhondo yachiwiri, pamodzi ndi amuna opitirira 3,500. Kufikira lero asilikali akale a kumeneko amasonkhana, wina n'kutchula dzina la sitima iliyonse, belu n'kulira pa dzina lililonse. Sanena kuti anzawo anafa, amati akali paulonda wosatha. Ku Germany, mwa amuna pafupifupi 40,000 amene analowa m'sitima zotere, pafupifupi 30,000 sanabwerere, ndipo maina awo anazokotedwa pa zitsulo pamalo otchedwa Möltenort, pafupi ndi mzinda wa Kiel. Ku London amasonkhana pa chipilala chawo m'mbali mwa mtsinje wa Thames mwezi wa November ulionse.

Ngakhale popanda nkhondo nchitoyi imadya anthu. Sitima ya Russia yotchedwa Kursk inamira mu August 2000 ndi anthu 118. Ya Argentina, San Juan, inasoŵa mu November 2017 ndi anthu 44, ndipo inapezeka patatha chaka chathunthu. Ya Indonesia, Nanggala, inapita ndi anthu 53 mu April 2021. Pafupi ndi ife, pa 20 September 2023, mafunde anakokolola anthu 7 amene anali pamwamba pa SAS Manthatisi ya South Africa ku Kommetjie, kufupi ndi Cape Town. Atatu anamwalira: Gillian Hector, William Mathipa ndi Mmokwapa Mojela. Hector anali mkazi woyamba m'dzikolo kutsogolera njira ya sitima yotere. Abale athu ogwira nchito ku Cape Town anatitumizira nkhaniyo pa mafoni, tinati "mayo ine" n'kupitiriza kuona zina.

Ndinawaimbira foni ambuya kuwauza zonsezi. Nditafika pa nkhani ya I-27, yakuti anyamata a ku Japan amene anamiza Khedive Ismail nawonso anamira tsiku lomwelo, ndinaganiza kuti anena kuti zinawayenera. Iwo anangoti, "Ha! Nawonso anali ndi amawo. Kodi kwawo alipo amawatchula?" Ndinasoŵa choyankha, ndinangomva nkhuku zikulira kumbali kwawo mpaka thokotaimu inatha.

Zambia ilibe nyanja yamchere ndipo ilibe sitima yapansi pa madzi ngakhale imodzi. Wina anganene kuti nkhaniyi si yathu. Koma tayang'anani maina amene timadutsamo tsiku ndi tsiku. Burma Road ndi Arakan Barracks muno mu Lusaka. Chindwin ku Kabwe. Kalewa ndi Tug Argan ku Ndola. Gondar ku Chipata. Awa ndi malo a nkhondo ya makolo athu. Tug Argan ndi ku Somaliland, kumene Northern Rhodesia Regiment inamenya nkhondo mu August 1940. Gondar ndi ku Ethiopia. Arakan, Chindwin ndi Kalewa ndi ku Burma, dziko limene lero ndi Myanmar. Kuchokera ku Africa kukafika ku Burma njira inali ya pamadzi, ndipo pansi pa madziwo panali chinsomba chija. Maina a malo tinawasunga pa zikwangwani. Maina a anthu ndiwo tikutaya.

Ndipo kutaya maina a anthu akuda si chinthu chatsopano. Mu April 2021, bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pankhondo yoyamba, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu. Ngati a mabuku aakulu anatiiwala, ndiye kuti buku lathu lenileni ndi nkhalamba zimene zili kumudzi ndi m'makomboni, ndipo bukulo likung'ambika tsamba limodzi pa maliro alionse.

Chaka chilichonse mu November, pa Sande yoyandikira tsiku la 11, akuluakulu a boma, asilikali ndi akazembe amaika nkhata za maluwa pa Cenotaph mu Independence Avenue. Ndi mwambo wabwino, koma ife a m'minibasi timaudziwira pa kutsekedwa kwa msewu. Ine pempho langa ndi laling'ono. Foni imene muli nayo m'manja pano ili ndi chojambulira mau. Mukapita kumudzi, kapena ngati ambuya muli nawo m'nyumba ku Kanyama kapena ku Mtendere, afunseni kuti, "Kodi kwathu alipo anapita ku nkhondo? Dzina lake ndani? Anabwerera?" Musadikire chiliza monga ndinachitira ine.

Tsiku la mwambo ku Vubwi, abusa atapemphera ndipo nsalu itachotsedwa pa mwala, simenti ya m'munsi mwa chiliza inali isanaume bwino chifukwa mmisiri anamaliza mochedwa. Ambuya anatuma mwana kukatenga msomali, n'kundipatsa. Ndinagwada ndipo ndinalemba maina atatu aja kumiyendo kwa manda, iwo akunditchulira. Sindiwalemba muno, pakuti ndi a mabanja ena. Pansi pake anandiuza kuti ndikoke timizere 8.

"Amenewo eni ake adzizindikira okha," anatero.

Lolemba lotsatira ndinali m'minibasi ya ku Chilenje monga mwa masiku onse, wopanikizika pakati pa bambo wa chikwama ndi mtsikana wa sukulu. Kondakitala anamenya chitseko. "Pa Arakan! Alipo oseluka?" Panalibe woseluka. Ine ndinatchula maina atatu aja chamumtima, galimoto n'kupitirira.